Za mapazi a apongozi, mumvere kwa mwini wake

Inu amene mukundiimbira foni kufunsa ngati ndi zoona ndinawalodza apongozi mapazi, basi zakwana. Tsabola uja sanali wawo. Anali wa galu.

Ndatopa (dzinalo anapereka ndi madam, musandifunse ine) ali ndi miyezi isanu, nthawi yomwe timano ta ukhanda tija 28 tikugweruka kuti pamere enieni 42, ndiye nkhama zimamuyabwa, chilichonse chili pansi kwa iye ndi ndiwo. Wadya chaja, wadya mthiko, rimoti anaisiyira batani limodzi, mpaka mpando wa njinga ya mnyamata wa Sacramento (kabaza wa kuno ku Mzuzu) amene anangoima pageti kufuna chenje. Koma zapamtima pake ndi patapata zanga, paja galu amafuna chinthu cha fungo la mwini wake. Chikondi chimenecho chandiyendetsa ku msika wa Mataifa mpaka mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndikupikula.

Kumukalipira atawononga kale ndi kutaya malovu, amangokuyang'ana osadziwa mlandu wake. Ndiye mnzanga wina kuntchito akuti paka chowawa, akalawa kamodzi sadzabwerezanso. Nzeru yabwinobwino. Ndinasinja kambuzi wodzadza dzanja, kusakaniza ndi mafuta ophikira kuti asachoke msanga, kupaka patapata mkati monse, nkuziika pakhomo la bafa pomwe amakonda kuba.

Usiku womwewo apongozi aamuna anatsika basi kuchokera ku Ntcheu. Anafika mochedwa, tinadya, tinagona. Tandiuzani, ndani amalandira mlendo ndi mawu akuti bambo musavale patapata za pabafa?

Juni wa ku Mzuzu mumamudziwa, chifunga kuti mbee kuno ku Chibavi, ife tili mbuu m'bulangete iwo adzuka kale 5 koloko, asamba madzi otentha, avala patapata. Mapazi a mlimi, ming'alu yokhayokha ku chidendene. Ndinangomva pansi pakugunda di di di, kutuluka ndikupeza madala ali pakati pa bwalo ndi thaulo lokha, akuponda ngati ngoma ya kwawo yafika pakolasi, kungosowa chishango. Osakuwa ayi, munthu wamkulu, mano atakukuta, thukuta kamukamu m'chisanu chonsecho.

Ine kuthamanga ndi ndowa ya madzi. Zinangowonjezera moto, poti ukali wa tsabola sumachoka ndi madzi, umafuna zamafuta. Madam ndi amene anakuwa kuti mkaka, mkaka! Tinakhuthula mapaketi onse a tiyi wa sabata m'beseni lochapira.

Tsono taganizani. Apongozi akhala pampando pakhonde, jekete pamwamba thaulo pansi, mapazi ali mumkaka. Ine ndagwada poteropo manja kumbuyo. Madam aima pakhomo akuluma nsonga ya chitenje kuti asaseke. Palibe akuyankhula. Kenako uyo Ndatopa akutulukira kuseri, akugwedeza mchira, wayang'ana ine, wayang'ana beseni, nkuviika mutu. Khapu khapu khapu. Kumwa mosathamanga, kupumira, kubwereranso. Mkaka utachepa anayamba kunyambita chala chimodzichimodzi, kuyambira chachikulu, mwaulemu wake. Apongozi maso ali kutali ku mitengo ya paini, phazi likunjenjemera ndi kugirigisha koma nkhope ya pamaliro. Ine kuti ndimuthamangitse ndiyenera kudutsa pamiyendo pawo, ndiye ndinangogwada pomwepo kumaonerera.

Atamaliza phazi lachiwiri ndi pomwe anatsegula pakamwa.

"Akamwini, kodi kuno alendo mumawasambitsa chonchi onse?"

"Ayi bambo, pepani, mankhwalawo anali a galu."

"Oho. Ndiye agwira."

Patapata zija masana tinazipeza kuseri kwa khitchini, imodzi yatsala lamba yekha. Ndi kambuzi yemwe. Galu sanayetsemule nkomwe.

Panopa tinamumangira chingwe chokhuthala cha mfundo, akagwira chinthu cholakwika timamusinthanitsa nacho nkumuyamikira, mafupa ophika ayi chifukwa amasweka nkubaya m'mimba. Zikuoneka ngati zikuyenda, kapena mwina ndi chifukwa choti nsapato zonse za m'nyumba muno zikugona pamwamba pa wadiropu. Apongozi zawo amagona nazo m'chikwama mpaka tsiku lonyamuka. Mnzanga wa nzeru uja akuti ndinachepetsa tsabola.