Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Tsiku lomwe achikulire anatembenuzira chithunzi changa kukhoma

Zikomo nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapita lija, ndawerenga zonse. Mwati ndipitirize za achikulire aja amene ankandiphunzitsa kujambula, ndiye tiyeni.

Mukukumbuka kuti poyamba sankandilola kukhudza penti, anali makala ndi pepala basi, kujambula manja, mapazi, makwinya a nsalu. Zaka zinangodutsa choncho. Zinthu zinasintha pomwe iwo eni anandibwereka buku la zithunzi za Cézanne, munthu amene ankajambula phiri limodzi lomwelo la Sainte-Victoire mobwerezabwereza mpaka kumwalira mu 1906, phirilo n'kumaoneka ngati timagawo ta mitundu tosanjikizana. Kuchoka apo ndinagwera kwa Picasso, wojambula wa ku Spain, chithunzi chake cha 1907 chija cha azimayi asanu, ena nkhope zawo ngati zigoba zosema za ku Africa. Tulo tinatha.

Ndiye ndinajambula nkhope ya malemu mayi anga, yobiriwira mbali imodzi, maso osalingana, momwe ndinkawaonera akudwala. Chithunzicho ndinapita nacho kwa achikulire penti asanaumitsitse, mtima uli phaphapha. Achikulire anachiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, akupukuta bulashi pa kansanza kawo kaja, anapukuta mpaka bulashi inauma koma iwo kumangopukutabe. Kenako anachinyamula bwinobwino, n'kuchitembenuzira kukhoma. "Mwana wanga, wathamanga." Mawu ake omwewo basi. Akanakalipa bola, ndikanayankha. Ndinakhala pampando tsiku lonse ndikuyang'ana kumbuyo kwa chinsalucho, misomali ndi thabwa, ndikudziwa kuti mbali inayo kuli mayi anga.

Ndipo inu amene munalemba kuti zojambula zamakono ndi za anthu olephera kujambula, pepani, fufuzani kaye. Picasso anaphunzitsidwa ndi bambo ake omwe anali mphunzitsi wa zojambula, mu 1897 ali mnyamata anajambula dokotala atagwira mkono wa mayi wodwala, chooneka ngati chenicheni. Malamulo ankawadziwa asanawaswe, ndipo inenso makala aja sindinawagwire pachabe.

Ena mwati kuchoka kwanga kwa achikulire kunali kusayamika. Ayi. Matisse, wojambula wa ku France, anaphunzira kwa Gustave Moreau, amene ankatumiza ophunzira ake ku Louvre, nyumba yosungiramo zojambula ya ku Paris, kukakopera zakale koma n'kumulola aliyense kutsata njira yake. Achikulire anandipatsa mbali yoyambayo mokwanira ndipo ndimawathokoza mpaka lero, yachiwiriyo inawakanika. Gawo likubwerali ndikufotokozerani zomwe ananena atabwera ku chionetsero changa choyamba osaitanidwa.