Zikomo azakhali, kalata ija yafika

Abale, kalata yafika. Andipatsa udindo wa senior scientist ku labu ya ma stem cell, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi, ku Cape Town. Ambuye alemekezeke. Thupi lonse lili lefu, koma sindigona ndisanathokoze.

Za achimwene anga ndi matenda a magazi a sickle cell mukuzidziwa, munali nafe pamaliro ku Chibavi, sindibwereza. Ndili pa Mzuni m'pamene ndinamva kuti matendawa amachizika: amatenga ma stem cell a m'mafuta a m'mafupa a m'bale wogwirizana naye n'kumuika wodwalayo. Ndinalira m'kalasi. Kuyambira tsiku limenelo mtima sunafunenso ntchito ina.

Koma azakhali anga! Inu azakhali, kaunjika wa pa Zigwagwa, kulawirira m'chifunga cha June zala zitauma, kuti fizi ikwane. Tikiti ya basi ya ku Joni munagula ndinu. Ndalama ya sukulu itaduka pakati pa PhD, munakatenga ya ku banki m'khonde osandiuza. Ndinachita kumva kwa anthu.

Maselo amene timasamalira mu labu sadziwa Lamlungu. Amafuna kuwasinthira chakudya, kuwasunga pa madigiri 37, ena kuwaumitsa mu liquid nitrogen pa -196, ndipo kachilombo kakangolowa m'mbale imodzi, ntchito ya miyezi yapita. Azakhali akaimba foni moni wawo unali umodzi: "Nkhuku zakozo zadya?" Nditawafotokozera za Shinya Yamanaka wa ku Japan, amene mu 2006 anabweza selo lokhwima kukhala stem cell ndi ma gene 4 okha, malangizo achibadwa a m'selo, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2012, anaseka mpaka kutsokomola: "Ndiye umuuze andibwezere utsikana." Usiku umenewo maselo anga anali atafa onse, komabe ndinaseka nawo.

Tsopano ineyo ndiziyang'anira achinyamata ogwira ntchito mu labu, kuwaphunzitsa ndi kusainira zotsatira zawo. Mantha alipo, mundipempherere.

Amayi a chigwirizano, aphunzitsi anga, anzanga amene munkandibwereka laputopu magetsi akathima, Mulungu akudalitseni. Inu munkati sukulu yambiri imathawitsa amuna, mafoni anu ndawaona, ayamba kulira dzulo. Ndiyankha ndikapuma.

Azakhali, malata a khitchini aja musagule, malipiro oyamba ndi anu. Lamlungu tikapereka chithokozo kutchalitchi, kenako tiyi kwa azakhali. Mubwere ndi makapu anu, athu ndi ochepa.