Mowa wa 80 shilling, wofulula m'khitchini ku Glasgow

Agogo anga ku Dedza ankayamba aviika chala m'phala asanathire chimera. Likakhala lotentha kwambiri ankadikira, amati chimera chikapsa thobwa silitsekemera. Kuno ku Glasgow ine ndimaviika themomita, koma nkhani yake ndi yomweyo, kungoti chimera changa ndi cha balere, osati cha mawere.

Loweruka lina m'nyengo yozizira ya kuno ndinafulula malita 20 a mowa umene anthu a ku Scotland amautcha 80 shilling. Dzinali linachokera m'zaka za m'ma 1800, pamene mowa ankautchula ndi mtengo wa mgolo wake m'ndalama zakale za shilling: wa 60 wopepuka, wa 70 wapakati, wa 80 wamphamvuko. Amene anamwapo wa kampani ya Belhaven ya m'tauni ya Dunbar akudziwa kakomedwe kake: wofiirira, womveka chimera, wosawawa kwenikweni.

Ndinagula makilogalamu 4 a chimera cha balere wa mtundu wa Golden Promise chogayagaya kale, magalamu 250 a crystal (chimera chowotcha chotsekemera), ndi magalamu 60 okha a balere wokazinga woti apereke mtundu. Mnyamata wa m'sitolo anafuna kundipatsanso chimera chofukiza ndi peat (dothi la zomera zowola limene amasonkhera moto), ndinakana. Utsi umenewo ndi wa whisky.

Pamene pagona mowa wonse ndi poviika. Ndinatenthetsa malita 12 a madzi mpaka madigiri 76, n'kuthira mu cooler box yokhala ndi mpopi, kenako chimera pang'onopang'ono uku ndikutakasa ndi mthiko kuti pasakhale zibuluma. Zinakhazikika pa madigiri 68. Mukaviika pa 63 kapena 64, chimera chimatulutsa shuga amene yisiti imadya pafupifupi yense, mowa n'kukhala wopyapyala ngati madzi. Pa 68 mumatsala shuga wina amene yisiti imamulephera, ndipo ameneyo ndiye amapatsa mowa thupi. Ndinatseka, n'kufunditsa bulangeti, ola lathunthu osasuzumira.

Malita atatu oyamba kutuluka pampopi, omata ngati uchi wosungunula, ndinawapatula m'poto wina kuti awire mpaka asanduke manyuchi. Apa ndi pamene ndinalakwitsa ulendo woyamba. Ndinapita kukalandira foni yakumudzi, pobwera pansi pa poto papserera, nyumba yonse fungo, ndipo mowa wonse unkamveka chipsera. Ulendo uno ndinaima pompo ndi mthiko mphindi 40, mpaka thovu linayamba kukhala lolemera ndi lofiira, ndipo ndikakanda pansi pa poto mzere unkatsala kwa kanthawi usanatsekeke. Anatsala osakwana lita imodzi. Ena amati zimenezi n'zongopeka ofulula a m'nyumba, makampani sachita. Kaya. Ine kakomedwe ka tofi kaja ndimakamva.

Chimera chotsala ndinachitsukuluza ndi madzi a madigiri 77 mpaka mphika waukulu unafika malita 25, n'kubwezeramo manyuchi aja. Zinawira mphindi 90. Patatsala ola limodzi ndinaponyamo magalamu 25 a East Kent Goldings, mtundu wa ma hops (maluwa owawitsa mowa), basi, osawonjezanso ma hops ena kumapeto.

Kuyambira apa chilichonse chokhudza mowawo chimafunika kutsukidwa ndi mankhwala ophera tizilombo, ndi supuni yomwe. Masese akwathu amakoma ndi kusasa, koma uwu ukangosasa ndiye kuti wawonongeka. Ndinaziziritsa mphika m'bafa la madzi ozizira mpaka madigiri 16, hydrometer (kachipangizo koyezera shuga m'mowa) inawerenga 1.046, ndipo ndinathira yisiti ya Wyeast 1728.

Chidebe ndinachiika m'kachipinda kosungiramo katundu kumene sitiyatsa hita. Kuzizira kumene ndimadandaula nako chaka chonse kunandithandiza: pa madigiri 15 kapena 16 yisiti imagwira ntchito modekha, osabweretsa fungo la zipatso lophimba chimera. Tsiku loyamba kunali zii, mpaka ndinayamba kukayika. M'mawa mwake thovu linali litayala pamwamba.

Patatha masabata atatu hydrometer inaima pa 1.014 masiku atatu otsatizana, kutanthauza mphamvu ya 4.2 peresenti. Ndinasungunula magalamu 80 a shuga woti mowa uchite thovu m'botolo, n'kusakaniza, n'kudzaza mabotolo 38 a theka la lita. Botolo limene ndinatsegula patatha masabata awiri linali lisanakhwime. La sabata yachisanu ndi chimodzi ndinapatsa neba wanga, bambo wachikulire wobadwira konkuno. Analiyang'ana pawindo, n'kumwa, n'kufunsa ngati atsala angati.