Bizinesi yathu ya masilabu ndi njira za oyenda pansi ku Kasungu

Bizinesi yathu inayamba ndi kuumba mabuloko a simenti, boma litakhazikitsa malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo. Tinali ndi chikombole, wilibala ndi anyamata ochepa. Posakhalitsa eni masitolo anayamba kutifunsa ngati tingawaumbire masilabu ovundikira ngalande za pakhomo pawo, chifukwa makasitomala ankachita kulumpha madzi kuti alowe m'sitolo. Umu ndi mmene tinalowera ntchito yokonza njira za anthu oyenda pansi, ndipo lero masilabu ndi makalaveti ndiwo amatidyetsa.

Silabu yabwino imafuna waya m'kati, kwale wosefa ndi mchenga wopanda dothi, ndipo ikaumbidwa timaifunda masaka n'kumaithirira madzi kwa sabata yathunthu. Yoperewera simenti imaoneka bwino tsiku loyamba, koma ngolo ya fodya ikangodutsapo imasweka pakati.

Chimene chinatitengera nthawi kuti tichimvetse ndi kumene ndalama za njirazi zimachokera. Msewu wa M1 uli m'manja mwa bungwe loona za misewu la Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera misewu yotere zimadzera ku bungwe losunga thumba la ndalama za misewu la Roads Fund Administration kuchokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto. Tinjira ta m'makwalala ndi ta kumudzi timayang'aniridwa ndi makhonsolo, omwe amagwira ntchito motsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998. Kuno makhonsolo alipo awiri, ya tauni ndi ya boma lonse la Kasungu. Khonsolo imadalira msonkho wa malo, ziphaso za m'misika ndi malaisensi a bizinesi, kuwonjezera pa ndalama zochokera ku boma monga za thumba la chitukuko la District Development Fund. Kumudzi pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), n'kupita ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kenako ku khonsolo.

Pamene mjigo, chipinda chophunzirira ndi njira zikulimbirana thumba limodzi, kawirikawiri njira ndiyo imatsalira. Sindikuwadzudzula amene amasankha motero, pakuti madzi ndi sukulu n'zofunikadi. Komabe zimandiwawa kuona mwana wa sukulu atanyamula nsapato m'manja kuti awoloke dambo m'mwezi wa Januwale, kapena mayi wodwala akutsitsidwa pa kabaza chifukwa njira yasanduka chigwembe. Dothi la kuno n'lamchenga, choncho kamng'alu kamene kakanatsekedwa ndi mawilibala ochepa a miyala m'chilimwe kamafuna kalaveti dzinja likamatha.

Tinalembetsa ku bungwe loona za zomangamanga la National Construction Industry Council kuti tizitha kupikisana nawo pa ntchito za boma, ndipo sitikumba paliponse tisanafunse a zamapulani a ku khonsolo za malire a msewu ndi kumene madzi ayenera kulowera. Ena amakuona ngati kutaya nthawi, koma munthu mmodzi akamanga okala pamwamba pa ngalande, madzi onse amasefukira m'njira ya anthu.

Masiku ano timalimbikitsa eni masitolo a mzere umodzi kusonkherana ndalama mu Okutobala, n'kudziwitsa khansala wa dera lawo, kuti tichotse mchenga ndi mapulasitiki m'ngalande komanso kusintha masilabu osweka mvula yoyamba isanagwe. Phindu lake kwa ife ndi lochepa, koma ntchitoyi imasunga anyamata athu pa malipiro m'miyezi imene maoda a mabuloko amachepa.