Mng'alu wa pa ng'anjo ya m'nkhalango ya Kasungu

Tayala linaphulika tisanafike pa geti ya Lisitu yolowera m'nkhalango ya Kasungu, ndipo sipeya tinaipeza yopanda mpweya. Mwini galimoto amene tinamulipira pa boma anangoti zimachitika. Zinandiwawa kwambiri. Mukamapita kumeneko, sipeyayo muione ndi maso anu, mutengenso madzi okwanira. Mnyamata wa kabaza anakamatitsa tayalalo pa K6,000, ndipo ngakhale anayenda kawiri, ndalama yowonjezera anaikana.

Tinalowa dzuwa litapendeka. Njovu sitinakumane nazo, ngakhale 263 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde mu 2022. Ine ndinadzera ng'anjo zadothi zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. Mlonda wa nyama anatitsogolera, mfuti ili paphewa. Imene anationetsa inali ndi mng'alu wotsika kuchokera kukamwa mpaka pansi. Mtima unandipweteka.

"Amalume," anatero mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za miyala ndi nthaka, "mwina dothi langokalamba, mwinanso nthaka ya pansi pake ikuyenda."

Tinakhala pa chitsa, iye n'kumandifotokozera za setilaiti ya ku Ulaya yotchedwa Sentinel-1, imene inayamba mu 2014. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 700, imatumiza mafunde a radar pansi n'kumvera akamabwerera. Mitambo siitchinga, mdima suiletsa. Ikadutsanso pamalo omwewo pakatha masiku 12, akatswiri amafananiza zithunzi, n'kuona ngati nthaka yatsika kapena yakwera, ngakhale ndi mamilimita ochepa. Njirayi amati InSAR. Ku Venice, mzinda wa ku Italy, amayang'anira nayo nyumba zakale zimene zikumira pang'onopang'ono, ndipo zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 anazifufuzanso motero, pogwiritsa ntchito masetilaiti ena akale. Zithunzi za Sentinel-1 n'zaulere pa intaneti.

"Ndiye iyang'ane ng'anjo yathuyi," ndinatero.

Anapukusa mutu. Radar imakonda thanthwe, denga kapena khoma, zinthu zosasintha. Masamba a mombo amatuluka n'kuyoyoka, udzu umapsa, chithunzi chimasokonekera. Komanso kadontho kamodzi pachithunzi kamayimira malo a mamita 5 kwa 20, pomwe ng'anjo ndi kanthu kakang'ono. Matanthwe a zojambula zakale ngati a ku Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2006 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndiwo angaoneke bwino.

Ndinadandaula poyera. Zithunzi zaulere zilipo, ana ophunzira alipo, koma ng'anjo iyi ikagwa, mvula imodzi ikokolola zonse, ndipo adzukulu athu adzangomva kuti kale tinkasula tokha makasu.

Mwanayo anatulutsa rula m'chikwama, naigwira pafupi ndi mng'alu osakhudza dothi, najambula ndi foni, nalemba tsiku. Mlonda uja anapempha kuti amutumizire pa WhatsApp, akuti adzayezanso mvula ikatha. Tinakagona ku Lifupa, malo ogona alendo m'nkhalango momwemo, mvuu zikulira m'damu usiku wonse.