Shati ya sikochi siikalamba

Lero m'minibasi yochokera ku Limbe ndinakhala pakati pa anthu awiri ovala shati za sikochi. Kumanja agogo ena, yawo yofiira, apisira bwinobwino m'thalauzi, mabatani mpaka pakhosi. Kumanzere mtsikana wa pakoleji, yake yobiriwira, waisiya yosamanga pamwamba pa tisheti yoyera. Onse atchena, moti sunganene kuti shatiyi ndi ya achikulire kapena ya achinyamata.

Ine ndiye ndimagonja nayo. Mabokosi a pa shatiyi adatchuka ndi anthu a ku Scotland, koma taonani mmene timalimbiranirana pa kaunjika belo likangotsegulidwa, makamaka zokhuthala zija chiperoni chikayamba mu June. Kumunda imalowa, kutchalitchi imalowanso. Kungoti abale, sikochi pamwamba, sikochinso pansi, ayi ndithu, maso amatiwawa.