Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku limene ndinalowa m'fakitale ya zidebe

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa kolera wa 2017 ndi 2018, pamene malonda a m'misewu analetsedwa ndipo ife a ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, tinauzidwa kuti tisamayende usiku. Mwana wa mnansi wanga anagonekedwa ku Heroes Stadium, bwalo la mpira limene analisandutsa chipatala cha kolera, Mulungu anamuchitira chifundo nachira. Kuyambira nthawi imeneyo mtima wanga sunachokenso pa nkhani ya ngalande.

Mu 2022 anthu a m'zoni yathu anandisankha kulowa m'komiti ya chitukuko ya wadi, imene aliyense amangoti WDC. Ndinayamba ndakana, poti sukulu ndinalekezera Giredi 9 kwathu ku Katete. Agogo ena a kutchalitchi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, pamaliro umalankhula, pachilimba ndalama umasunga ndiwe. Kalankhulenso kumeneko." Ntchitoyi ilibe malipiro, koma chaka chimenecho inalemera kwambiri, chifukwa boma linakweza CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha madera, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mafomu a mabasale (thandizo lolipirira maphunziro) ndi a ngongole za magulu a amayi ndi achinyamata ankayambira m'manja mwathu.

Ndinabwera mu Lusaka mu 1998, koma ku Civic Centre, kumaofesi a khonsolo ya mzinda pa Independence Avenue paja, ndinapondako koyamba mu 2022. Ndinkangoonako ndili m'minibasi. Pampando wa meya panali mayi, a Chilando Chitangala, amene anasankhidwa mu 2021, ndipo kungodziwa zimenezo kunandilimbitsa miyendo pokwera masitepe aja.

Mvula itafika pachimake, madzi analowa m'nyumba monga mwa chaka ndi chaka. Amene sanakhaleko ku Kanyama mvetsani: malo athu ndi athyathyathya, pansi pali thanthwe, madzi akagwa alibe kolowera. Zimbudzi zimasefukira, zitsime zosaya zimaipa. Pamsonkhano wa zoni anthu anapsa mtima, nati mafakitale a ku Chinika ndiwo amatitayira madzi ndi mapulasitiki. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo. A kansala athu anati, "Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tikaone ndi maso, tikalankhule ndi eni ake."

Tinanyamuka m'mawa wina, a kansala, bambo wina woona zaumoyo, ndi ife a komiti anayi. Tinayamba ndi malo oumba mabuloko, kenako kafakitale kopera chiponde, kumene anativeka tizipewa toyera ndi kutisambitsa m'manja tisanalowe. Konseko sitinakhalitse. Kumene ndikufuna kukusimbirani ndi kwachitatu, kuseri kwa Mumbwa Road, kumene amapanga zidebe ndi mabeseni.

Geti litatseguka ndinaona phiri la zinyalala zomwe zija timazivuula m'ngalande: zigubu za mafuta ophikira, mipando yothyoka, mabeseni ong'ambika. Amayi anali atakhala mozungulira, akusankha. Mmodzi anadzutsa mutu, ndipo ndinapeza kuti ndi mayi wa pamzere wathu, amene timatunga naye madzi pakiyosiki imodzi. Zaka zonsezi ndinkangomva kuti amapita kumaganyu.

"Amake mapasa, kodi mumagwira kuno?"

"Eee asisi, chaka chachitatu chino. Bwerani muone."

Anatola chigubu, nachigogoda ndi chala pafupi ndi khutu langa, kenako anatola botolo la madzi akumwa nalifinya mpaka linalira kuti khwaa. Anati ziwirizi ndi pulasitiki wosiyana, ukazisakaniza m'makina chidebe chimatuluka chosalimba. Mabotolo amawaika pawokha, amawapanikiza m'mitolo n'kugulitsa kwina. Iyeyo sayang'ananso kanambala ka kunsi kwa chigubu, amangomva ndi khutu ndi chala. Zala zake zinali zong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo, chala chimodzi atachimanga ndi kansalu ka chitenje. Ndinafunsa za magolovesi pamaso pa bwana wake. Bwanayo anati alipo, amayiwo anayang'ana pansi osayankha. Woona zaumoyo uja analemba m'buku lake, ndipo inenso ndinalemba m'langa.

Mkati munali phokoso loti polankhula mpaka kugundana mitu. Makina ena amaphwanya pulasitiki kukhala tizidutswa, tizidutswato amatitsuka, kutiumitsa, kenako kutisungunula kuti tituluke ngati zingwe zimene amazidula timibulu tonga mpunga. Timibuluto amatithira m'makina aakulu okhala ndi chikombole. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Chikombole chimatseka, pamamveka kupuma kwa mphepo, chikatseguka chidebe chobiriwira chagwa kale. Mnyamata woyendetsa makinawo anandipatsa chimodzi chikadali chofunda ngati mbale ya nsima. Ine amene ndagula zidebe zosawerengeka ku Soweto Market, ndinkayesa kuti zonse zimachokera kunja. Ngakhale sopo wa Boom amene ndachapira matewera a ana anga onse amapangidwa muno mu Lusaka ndi a Trade Kings, koma sindinaganizepo kuti kuseri kwa mipanda imeneyi kuli anthu a m'komboni mwathu.

Za madzi sitinabisane mawu. Tinatsatira paipi yawo mpaka pamene imathira m'ngalande yaikulu, ndipo madzi otsukira pulasitiki ankatulukadi akuda. A kansala anawauza kuti akonze dzenje losefera madziwo asanatuluke. Koma bwanayo anatitengeranso chakumunsi, natisonyeza pamene ngalandeyo inatsekeka. Munali matewera otaya, masaka a makala ndi zotsala za pamsika. Zimenezo sizinachokere m'fakitale, zinachokera m'makomo mwathu. Ndinachita manyazi, ndipo pamsonkhano wotsatira ndinazinena mosapsatira, ngakhale ena anandinena kuti andigula ndi chidebe.

Mawu amene anandisowetsa tulo ananenedwa tikutsanzikana. Ndinafunsa kuti bwanji anthu athu onse ali panja posankha zinyalala, pamene oyendetsa makina ndi amagetsi ndi ochokera kwina. Bwanayo anati, "Amayi, ndibweretsereni mnyamata wa ku Kanyama wokhala ndi pepala la TEVETA, bungwe loona za maphunziro a maluso, la zamagetsi kapena zokonza makina, ndidzamuyesa ntchito." Kaya ankanena zochokera pansi pa mtima, ine ndinawagwira mawuwo.

Nthawi ya mafomu a basale ya maluso itakwana, sindinadikire kuti achinyamata abwere okha kuofesi ya wadi. Ndinayenda khomo ndi khomo, mafomu ali m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, matope mpaka m'akakolo. Ambiri ankafuna kulemba zoyendetsa galimoto, chifukwa ndi zimene amaziona tsiku lililonse. Ndinkakhala nawo pansi n'kuwafotokozera za chikombole chija, ndi kuti makina amenewo akaima pamafunika munthu wodziwa mawaya. Ena analibe ndi chitupa cha NRC chomwe, ndiye tinayambira pamenepo.

Mwana woyamba wa amake mapasa, mtsikana amene anamaliza Giredi 12 n'kumangokhala pakhomo, anadzaza fomu yake patebulo langa usiku, malaiti atapita, tikuunikira ndi foni. Pofika pamzere wolemba ntchito imene akufuna kuphunzira anaima, nandiyang'ana.

"Anti, zamagetsi atsikana amawatenga?"

Ndinamuuza kuti alembe. Analemba pang'onopang'ono ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo m'mawa mwake fomuyo ndinakapereka ndekha, nditaiika m'chidebe chobiriwira chija pamodzi ndi ena onse kuti asanyowe.